Tsiku Limene Tinayetsemulitsa Ndege

Dzulo tsabola anandipserera pamoto kuno kunja, ku Maryhill, mwana wanga Tamanda akulongedza chikwama. Amagwira ntchito yofufuza miyala, ndipo wapeza ndege yotchipa yopita kumigodi ya kumpoto kwa Norway. Iye kutsokomola, ine kuseka mpaka misozi.

Ndili wamng'ono ku Mzimba, amalume anali ndi dzenje kuseri kwa phiri, momwe ankasaka miyala yamtengo wapatali. Tsiku lina kunabwera kandege kouluka m'munsi, kakulendewetsa chitsulo pachingwe.

"Imeneyo ndi mphuno," anatero amalume. "Ikanunkhiza miyala yanga, andilanda dzenjeli. Thamanga, katenge tsabola yense wa mayi ako!"

Tinasonkha moto pambali pa dzenje n'kukhuthulirapo lichero lonse. Utsi wake! Maso kuwawa, mamina chuchuchu, amalume akugubuduka pafumbi uku akutukwana kumwamba. Kandege kanapendekeka, n'kutembenuka.

"Kayetsemula!" ndinakuwa.

Sikanabwerenso. Amayi anatikalipira koopsa, koma ife tinkayenda mwamatama.

Nditamufotokozera Tamanda, anapukuta misozi nati, "Amayi, anthu ofufuza miyala pandege amenewo amabwereranso pokhapokha akapeza kanthu."

Ndiye kuti tinamaliza tsabola wa amayi kulondera dzenje lopanda kanthu. Bola amalume anatisiya asanamve zimenezi.