Mazira a Lamulungu a Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu ndi ziwiri, moti anthu ankangowatchula kuti a Chidindo. Anapuma ntchito Lachisanu, pa 30 Januwale 2009. Ndalama za penshoni anakana kuzisiya kubanki, ati chiwongoladzanja chimaswana ndi pa Sabata pomwe. Katapila anati Malemba amaletsa. Atapemphera milungu iwiri, pa 14 Febuluwale anagula nkhuku zoikira mazana awiri n'kuzimangira khola kuseri kwa nyumba.

Vuto linabuka pa 1 Malichi. Pobwera kutchalitchi anapeza mazira ali mbwee m'khola.

"Mayi, nkhukuzi zagwira ntchito tsiku lopuma," anauza akazi awo. "Phindu ili sindingalidye."

"Ndiye kaziuzeni zizitseka kumbuyoko," anayankha mng'ono wangayo.

Iwo sanaseke. Analamula kuti mazira a Lamulungu azipatsidwa ulere kwa aliyense wofika pakhomo. Pofika Epulo, mzere unkayambira pageti mpaka pa wometa tsitsi, anthu atanyamula mabeseni, ena adakali m'mataye a kutchalitchi. Mwini golosale, amene poyamba ankagula matireyi asanu, anayamba kutumiza akazi ake ndi ana onse pamzerewo. M'kati mwa mlungu ogula anasowa, mazira n'kumangoola.

Pa 10 Juni mng'ono wanga anafika kwanga maso ali psuu. Chakudya cha nkhuku chinali chitatsala matumba awiri, ndalama yogulira china panalibe.

"Achemwali, penshoni yonse ikuthera m'mabeseni a anthu. Inu munkaphunzitsa sayansi, kawalankhuleni."

Loweruka pa 13 Juni ndinawapeza alamu akutsuka zomwera nkhuku.

"Alamu, dzira limatenga nthawi yaitali bwanji kuti lipangike m'mimba mwa nkhuku?"

"Ine ndinali wa makalata, alamu."

"Tsiku lathunthu. Dzira la Lamulungu ndi thukuta la Loweruka. Nkhukuyo imangotula katundu."

Anaima chilili, madzi akudontha m'zigongono. "Nanga lopangidwa Lamulungu ndi liti?"

"La Lolemba."

"Kalanga ine! Miyezi itatu ndikugulitsa tchimo, zoyera n'kumagawa!"

Ine ndinkafuna asiyiretu zogawazo, koma iwo anangosuntha tsiku. Nditati nditsutse, mng'ono wanga, amene anali ataima pambali panga, anandiponda chala.

"Zoona abambo, a Lolembawo si athu," anatero, nkhope ili bata ngati ali pa mgonero. "Koma Lolemba anthu amakhala kuntchito. Bwanji muzikapereka kwa odwala kuchipatala?"

Alamu anavomera, misozi ili m'maso, ati Mulungu anawapatsa mkazi wachifundo.

Kutacha, pa 14 Juni, mzere unabwera ngati kale. Unapeza mng'ono wanga atakhala pageti, matireyi ali patebulo, mtengo atalemba pakatoni ndi makala.

"Chikhristu chija chatha?" anafunsa akazi a mwini golosale, beseni lili pamutu.

"Sichinathe, amayi, changosamukira Lolemba. Mukachifuna mukagonekedwe kuchipatala."

Alamu anatulukira akuthamanga, ati Lamulungu sagulitsa. Mng'ono wanga anati palibe akugulitsa, iye akungowaonetsa anthu mtengo wa mkuja.

Lachiwiri pa 16 Juni matireyi onse anatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Pa 20 Juni banjalo linagula matumba asanu ndi limodzi a chakudya, ndipo nkhuku sinagulitsidwe ndi imodzi yomwe.