Tsiku Limene Mabuleki Anandikana Pamaso pa Njovu

Ena muziti ndikukometsera, koma izi zinandichitikira ineyo masanasana, ndipo ndikanakhala wopeka nkhani sindikanasankha yondichotsa ulemu chonchi.

Zinali m'zaka za m'ma 1990, ndili dalaivala wa vaneti ya bambo wina wogula mpunga ku Chama. Bwana wangayo anali ndi lamulo lake, loti galimoto ipite ku sevisi ku Lundazi pokhapokha makilomita a pa mita akakwana, ndipo ine ndinkaona kuti n'zanzeru, nanga chinthu chimene sichikuyenda chingathe bwanji? Koma kwathu kuno mvula ikayamba misewu imafa, ndiye vanetiyo inkagona pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse, mita ili chiimire.

Mvula itangokata, munthu wa panjinga anabwera ndi uthenga woti ambuya anga ku Chikwa agwidwa ndi chibayo. Agogo amenewa ndi amene anandilera makolo anga atamwalira, ndinalibenso wina. Bwana anandibwereka galimoto osavuta, n'kunditsimikizira kuti sevisi ikadali kutali, ine ndemwe ndinasuzumira pa mita n'kuvomereza.

Popita ndinayenda bwino. Pobwera tinali atatu kutsogolo, ambuya pakati, kuchitseko kuli mtsikana wina wa m'mudzimo amene ankawasamalira, yemwenso ndinkafuna kumufunsira koma pakamwa pankandilemera. Ndinkathamanga, chifukwa ambuya ankapuma ngati munthu wocheka thabwa.

Tikutsetsereka kulowa mumtsinje wina wamchenga, ndinangoona njovu yaikazi ili pakati pa njira, kamwana kali m'miyendo mwake. Ndinaponda buleki, phazi linangomira mpaka pansi ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndinapondanso, ndinapopa, palibe. Ndinakoka buleki yapamanja, waya wake unaduka. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinalowetsa bwanji giya yaing'ono, ndimangokumbukira kuti ndinakhotetsera mumchenga wakuya, galimoto inatitimira, injini n'kuzima, ife tili pafupi moti ndinkaona ntchentche m'maso mwa njovuyo.

Inatambasula makutu n'kubwera. Inaika chitamba pa boneti, galimoto yonse inagwedezeka, fungo lake linadzaza m'katimo. Ambuya anandinong'oneza kuti ndisakhudze kiyi, kenako anayamba kuilankhula chapansipansi m'Chisenga, kuipempha mwaulemu ngati akupempha njira kwa apongozi. Nthawi imeneyo ndi pamene ndinamva kutentha kukutsika m'miyendo mwanga. Munthu wamkulu, wa ndevu, laisensi ili m'thumba, ndinadzikodzera.

Njovu inatinunkhiza mpaka inakhutira, inakankha mwana wake n'kulowa m'tchire. Mtsikana uja ankayang'ana panja mwakhama kwambiri, ndipo khama lakelo ndi limene linandiuza kuti waona. Ambuya anatenga chigubu cha madzi ngati akufuna kumwa, n'kuchikhuthulira chonse pa ine, uku akudzudzula manja awo kuti akalamba. Atatero anandiitana kuti amuna anga, monga ankandiseleulira ndili mwana, n'kunena kuti manje ndilize galimoto, iwo sanachoke kunyumba kuti adzafere mumchenga.

Tinayala nthambi pansi pa matayala, tinatuluka, ndipo ndinakwawa ndi giya yoyamba mpaka kuchipatala ku Chama. Ambuya anagonekedwa, anachira. Makaniko atatsegula anapeza timapaipi ta labala ta mabuleki titang'aluka, mafuta ake atalowa madzi, waya uja utadyeka ndi dzimbiri, zonsezo zitachitika galimoto ili chiimire. Mtsikana uja sindinamufunsirenso, ndikamuona pamsika ndinkakhotera kwa ogulitsa nsomba, ndipo anakwatiwa ku Chifunda. Kodi ndikanayamba ndi mawu ati?

Manje chimene ndimakhulupirira n'chakuti mita imangodziwa za msewu, za miyezi siziikhudza, pamene labala, mafuta ndi waya zimakalamba ngakhale tayala lisanazungulire. Ndiye inu amene galimoto zanu zimagona dzinja lonse, kapena mumangoyendera kutchalitchi, werengani zonse ziwiri, makilomita ndi miyezi, chimene chayamba kukwana muchimvere. Musananyamule wodwala wanu, yambani mwapita kwa makaniko. Njovu ya tsiku limenelo inamva pempho la ambuya, koma ambuya anapita kale, ndipo inu m'galimoto mwanu simudzakhala wokupempherani njira.