Masamba a Mbali Imodzi

Ntchito yauphunzitsi inanditaya ku Chisenga ndili ndi sutikesi imodzi ndi njinga yakapalasa yomwe ndinachoka nayo kwathu ku Ntcheu. Njingayo ndinkaikonda mopitirira muyeso, sindibisa. Loweruka lililonse ndinkaipukuta, kuthira mafuta tcheni, kenaka n'kulowa njira ya m'nkhalango kupita kusukulu ina ya m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kumene kunkaphunzitsa mnzanga wa ku Zomba.

Njira imeneyo galimoto sidutsamo. Ndi yopapatiza, ya timiyala tofiira, mitengo ya mombo ndi misuku itakumana pamwamba. Munthu umapalasa nthawi yaitali osakumana ndi aliyense, kumangomva matayala akukukuta timiyala. Ine ndinkathamanga mmenemo ngati ndaba mbuzi.

Mnzangayo ndiye anandionetsa njirayo. Anali ndi mphumu, choncho pachitunda chilichonse ankatsika n'kumakankha, ine n'kukamudikira pamwamba ndikumuseka. Njinga yake inali ndi madigadi ogwedera omwe ankalira kuti kwe, kwe, kwe, moti unkamumva asanaoneke.

Tsiku lina tili limodzi tinapeza maliro pamudzi wina kufupi ndi Chisenga. Mwambo wake ndi womwewo wa kwathu. Amayala masamba kupingasa msewu mbali zonse ziwiri za mudzi. Ukafika pa masamba oyamba umatsika njinga, chipewa kumanja, ndipo sukweranso mpaka utadutsa achiwiri. Titangolumpha achiwiriwo, ine ndinali kale pachishalo.

"Achimwene, inu mumatsika njinga pamaliro pokha," anatero mnzangayo ali wefuwefu. "Ine tsiku langa ndidzawauza ayale mbali imodzi yokha. Mudzakankha mpaka ku Ntcheu."

Tinaseka mpaka iye anayamba kutsokomola.

Nyengo yozizira itafika, mankhwala ake opopera m'kamwa anayamba kutha. Ndinamugulira ena nditapita ku boma, ndipo tinapangana kuti ndidzamupititsira Loweruka. Koma Lowerukalo lisanafike, ndili m'kalasi, mkazi wake anaimba foni.

"Alamu, bwerani nawo lero mankhwala aja," anatero. "Anzanuwa sakupuma bwino."

Ndinasiya choko patebulo, ndinapempha ahedi, mankhwala m'thumba la jekete, ulendo. Unali usana, koma chifunga chinali chitatsika kuchokera ku Mafinga n'kudzaza nkhalango yonse. Ndinkaona timiyala ta patsogolo pa tayala basi. Sindinagwire buleki ngakhale pamatsitso.

Pakati penipeni pa nkhalango ndinangoona masamba pamsewu. Zinali nthambi za msuku, zoyalidwa bwinobwino kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo, zotsindiridwa ndi miyala kuti mphepo isaziulutse. Miyendo inatsika yokha ndisanaganize n'komwe. Ndinawerama n'kugwira nthambi imodzi. Pothyoka pake panali pakadali ponyowa.

Malo amenewo ndinkawadziwa. Palibe mudzi, palibe dimba, ngakhale khola la ng'ombe. Ndinadziuza kuti mwina pali banja lomwe lasamukira chapafupi ine osadziwa. Ndinavula chipewa, ndinalumpha masambawo, n'kuyamba kukankha. Ndinkati ndikangokhota apo ndimva kulira, ndiona utsi, ndipepesa, ndidutsa masamba achiwiri n'kukwera.

Ndinakhota. Kunali mitengo yokhayokha. Ndinakhotanso, chimodzimodzi. Ngakhale mbalame sizinkalira, madzi a chifunga okha ndiwo ankadontha m'masamba. Mankhwala aja ankandigunda m'nthiti pa phazi lililonse, ndipo mtima unayamba kundikalipira. Munthu akubanika uko, iwe ukulemekeza maliro a mitengo?

Ndinaponda pedulo kuti ndikwere. Pomwepo kumbuyo kwanga kunamveka kwe, kwe, kwe.

Ndinatembenuka. Chifunga chokha. Ndinagwedeza madigadi anga, anali olimba monga mwa masiku onse. Nditayambanso kuyenda, kulirako kunanditsatira, pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu wokankha njinga pachitunda. Ndikaima, nakonso kuima.

"Achimwene?" ndinaitana.

Ndinachita mantha, mantha enieni. Ndipo ndinakumbukira nthabwala ya mnzanga ija, mawu ake onse. Kuyambira pamenepo phazi langa silinayandikirenso pedulo. Ndinathamanga chokankha, handulo ikundilimbitsa manja, ndikuterereka pa timiyala, maso ali pansi kufunafuna masamba achiwiri. Mpaka nkhalango inatha sindinawaone. Kulira kwa madigadi kunalekera pamwamba pa chitunda chomaliza, paja ndinkakonda kumudikira mnzanga.

Kuchokera pamenepo nyumba za aphunzitsi zimaoneka. Ndinamva amayi akulira ndisanazione.

M'mbali mwa bwalo la sukulu amuna awiri ankadula nthambi ndi zikwanje. Mmodzi anali bambo wachikulire wa m'komiti ya sukulu, yemwe tinkalonjerana nthawi zonse. Anaika chikwanje pansi n'kundigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Phepani, asambizgi," anatero m'Chitumbuka, momwe ankatiitanira ife aphunzitsi. "Mnyinu watileka," anapitiriza, kutanthauza kuti mnzanga watisiya. "Posachedwapa pompano."

Ndinamufunsa kuti anayala masamba m'nkhalango muja ndani.

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana nthambi zomwe zinali pamapazi pake. "Mahamba tindaŵike, asambizgi," anatero, kutanthauza kuti masamba anali asanayale. "Ndi awa tikudula. Kumtunda kuja palibe wapitako lero."

Njinga ya mnzanga inali yotsamira pakhoma la nyumba, tayala lakumbuyo lilibe mpweya, akangaude atamanga m'masipoko. Ndinalowa. Mlamu wanga anali atakhala pansi pakati pa amayi anzake. Sindinadziwe chochita, ndinangotulutsa mankhwala aja n'kumupatsa. Anawafumbata nthawi yaitali.

"Amakufunsani," anatero. "Anati ndikuimbireninso, ndikuuzeni kuti musathamange, mungagwe pa timiyala paja. Foni yake ndiyo imakana."

Pamenepo ndi pomwe ndinalira. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti ngakhale ndikanafika msanga sizikanasintha kanthu. Ena anati masamba aja anayala ndi otchera misampha, ena anati ndi odula matabwa podziikira chizindikiro. Onsewo ndinawathokoza.

Thupi linanyamulidwa pa lole kudzera msewu waukulu wozungulira, ndipo ine ndinakwera nawo mpaka ku Zomba. Njinga yanga inatsala kusukuluko. Nditabwerako ndinapita kukaitenga, ndipo ndinabwerera njira ya m'nkhalango ndikukankha. Ndinkafuna ndikapeze masamba aja, ngakhale ouma, kuti ndiwalumphe potuluka monga ndinawalumphira polowa. Ndinafika pamalopo, ndinayang'ana mbali zonse, ndinafukula ndi phazi. Panalibe nthambi, panalibe ndi miyala yotsindira ija.

Ndinakhalabe ku Chisenga zaka zingapo, ndipo njirayo ndinkadutsamobe. Malo ena onse ndinkapalasa. Koma ndikafika pakati pa nkhalango paja ndinkatsika, chipewa kumanja, n'kukankha mpaka pamwamba pa chitunda chomaliza. Amayi otola nkhuni ankandifunsa ngati njinga yawonongeka. Ndinkawayankha kuti ayi, ili bwino, kungoti masamba achiwiri sindinawadutse.