Chilolezo cha a Nyirenda

Ntchitoyi ndinaipeza kudzera mwa mayi wina wa m'kwaya yathu ku Kawale, amene mlamu wake ankafuna munthu wodziwa kompyuta. Ofesi yake inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya penti ku Biwi. Tinkapanga pulogalamu yaulere yolembera mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo aliyense wodziwa ankatha kuiona m'kati n'kuthandiza kuikonza.

Ine ndinali ndi mbali ziwiri. Yoyamba inali kusamala mndandanda wa mavuto pa intaneti. Wa kuchipatala akalemba kuti pena pakuvuta, ndinkaikapo chizindikiro choti ndi zachangu kapena zodikira, n'kupereka kwa woti akonze. Yachiwiri inali ya zilolezo. Ena ankaloledwa kuwerenga chabe, ena kulemba, ndipo ochepa okha ndiwo ankatha kutseka vuto kuti lakonzedwa.

Anandiphunzitsa ndi a Nyirenda, bambo ofatsa a ku Rumphi, amene ankaimba nyimbo za Chitumbuka chapansipansi akamagwira ntchito. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangokoka mpando n'kunena kuti, "Tayambiraninso amayi, tionere limodzi."

M'chaka changa chachiwiri, a Nyirenda anagundidwa ndi minibasi ku Mchesi n'kumwalira. Maliro atapita kumudzi, abwana athu, mayi Kachingwe, anandiuza kuti, "Muwachotse pa zilolezo lero lomwe. Laputopu yawo sitikudziwa ili ndi ndani."

Ndinatsegula tsamba lawo pakompyuta. Chithunzi chawo chinali pomwepo, ndipo pansi pa vuto lina panali mawu awo omaliza akuti, "Ndaliona, ndimaliza Lolemba." Ndinatseka tsambalo, n'kunamiza abwana kuti ndachotsa.

Patatha sabata, namwino wa pachipatala china ku Chinsapo anaimba foni. Anali atatiuza kale kuti pulogalamu sikuchenjeza mankhwala akatha mphamvu. Ataona pamndandanda kuti vutolo latsekedwa, anasiya kuyang'ana masiku pamabotolo, ndipo anapereka mankhwala akutha. Nditafufuza, wotseka anali a Nyirenda, masiku anayi ataikidwa m'manda. Laputopu inali ndi mchimwene wawo, amene ankangodinadina pofuna zithunzi za malemu.

Palibe anamwalira, koma mayi wina wodwala kuthamanga kwa magazi anagonekedwa masiku atatu. Mayi Kachingwe sanandichotse ntchito. Anangofunsa kuti, "Ndiye mumati mukuwalemekeza?" Ndinachotsa chilolezocho iwo ataima kumbuyo kwanga, kenako ndinatsegulanso mavuto onse otsekedwa molakwika, limodzilimodzi, misozi ikudonthera pa kiyibodi.

Ndinazindikira mochedwa kuti chisonicho chinali changa, koma ovutika nacho anali odwala amene sankandidziwa n'komwe. Masiku ano mnzathu akasiya ntchito, kaya watisiya, chilolezo chake ndimachotsa tsiku lomwelo. Ngati wamwalira, ndikachotsa ndimamanga chitenje n'kupita kusiwa, ndipo kumeneko ndimalira mmene ndikufunira.