Kalata Imene Inalephera Kuwoloka Msewu

Mayi Verlene Tackett anaphika pa sukulu yathu ya ku Pine Hollow zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ine ndinawapeza. Pamene ndinkayamba kuphunzitsa za boma ndi malamulo, iwo anali kale ndi malo awo kuseri kwa tebulo lalitali la m'chipinda chodyera, chipande chili m'manja. Mwana amene wabwera osadya kwawo ankamudziwa pongoona mmene wagwirira mbale. Woteroyo ankamuwonjezera nyemba ndi chidutswa chachiwiri cha buledi wa chimanga, uku akumukalipira kuti akuchedwetsa mzere, kuti anzake asazindikire kanthu.

Amuna awo, a Orval, anali okhoma madenga. M'mawa wina wa mvula, lole ya kampani yophwanya miyala ya a Sizemore inatsika phiri mabuleki osagwira, n'kuwomba galimoto yawo pa mphambano. A Orval anapulumuka, koma miyendo yonse inafa. Kuyambira pamenepo Mayi Tackett ankalawirira kuwasambitsa ndi kuwanyamula kuwaika pa njinga ya olumala, kenako n'kubwera kudzaphikira ana mazana awiri. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo msana unali utayamba kukana.

Anthu ankawauza kuti akasume. Yankho linali limodzi: "Kwathu sitisumirana. Bambo anga anamwalira osapondamo m'khoti." A Sizemore nawo ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo Khirisimasi iliyonse ankatumiza mwendo wa nkhumba wowamba ndi mawu akuti nkhani ija akuiganizirabe. Zaka zitatu zinatha akuiganizira.

Chaka chachinayicho aphungu a chigawo chathu anasintha lamulo la milandu ya anthu ovulazidwa. Ena ankati milandu yachuluka, makampani akuthawira ku zigawo zina za America. Ena ankati akufuna kutseka pakamwa anthu osauka. Chimene chinatikhudza ife chinali chimodzi. Kale wovulazidwa ankapatsidwa zaka zinayi kuti akasume, tsopano zinakhala ziwiri. Amene anavulala kale, ngati a Orval, anapatsidwa mpaka pa 30 Seputembala. Kupitirira apo palibe khoti limene likanawamvera.

Ndinadula nkhaniyo m'nyuzipepala kuti ndiphunzitsire ana, ndipo ina ndinapatsa Mayi Tackett. Anaiyika m'thumba la epuloni. Chimene chinawatembenuza mtima sindine. Mu Ogasiti, akuwatulutsa a Orval m'bafa, msana unawagwira, onse awiri n'kugwera pansi. Anagona pa simenti ola lathunthu mpaka mnansi anamva kukuwa.

"Ndikatsogola ine, adzawanyamula ndani?" anandifunsa atabwerera ku ntchito.

Maloya onse a m'boma lathu anali atadzaza, poti aliyense ankathamangira tsiku lomwelo. Amene anawathandiza anali a Asa Whitlock, loya wopuma wa zaka makumi asanu ndi atatu. Anataipa dandaulo la masamba atatu pa makina awo akale, nati, "Asaine a Orval, mukapereke." Nanenso ndinawonjezera liwu langa, ndipo ndimalikumbukira bwino chifukwa linandisowetsa mtendere: "Bola zichoke m'manja mwanu pa 30 pasanadutse."

Pa 30 linali Lachisanu. Masana ndinaima pa mzere ndi ana anga, mbale m'manja. Mayi Tackett anandimwetulira, chimene anali asanachite kwa masabata angapo.

"Aphunzitsi, ndathana nazo. Dzulo."

"Mwakapereka ku khoti?"

"Ku khoti ndikatani, kuti tauni yonse indione ndikukwera masitepe aja? Ndaponya ku positi. Ndinaima pomwepo mpaka Dale wa pa kauntala anadinda tsiku ine ndikuona. Ngati za msonkho zija."

Ife tonse tinakula choncho. Mapepala a msonkho akangodindidwa ku positi tsiku lomaliza lisanathe, boma limati mwapereka pa nthawi yake, ngakhale afike patatha sabata. Chaka ndi chaka timaima pa mzere wa ku positi mu Epulo ndi chikhulupiriro chimenecho. Mayi Tackett anali atachita zimenezi zaka makumi anayi osalakwitsapo.

Positi ofesi yathu inayang'anizana ndi khoti, pakati pali msewu wokha. Koma kalata iliyonse, ngakhale yopita khomo loyandikana nalo, imayamba yapita ku mzinda waukulu, mamailosi makumi asanu ndi anayi, kukasankhidwa, ndiye n'kubwerera.

"Aphunzitsi, mzere," anandikumbutsa mtsikana amene anali kumbuyo kwanga.

Ndinasiya mbale n'kupita ku lamya ya mu ofesi. Kalaliki wa ku khoti amene amalandira mapepala, Jolene Combs, ndinamuphunzitsa ali wamng'ono.

"Jolene, ndine."

"Aphunzitsi! Ngati ndi za homuweki ija, galu anadyadi, ndikulumbira."

"Tamvera, mwanawe. Dandaulo lodindidwa ku positi dzulo, likafika kwanuko Lolemba, mumati lafika liti?"

Kuseka kunatha. "Lolemba. Ife timawerenga chidindo chathu chokha, ndipo makina ake amadinda ndi mphindi zomwe. N'za ndani?"

"Za a Tackett."

"Mayo ine. Timatseka hafu pasiti folo, ndipo mzere wafika kale pa masitepe. Bwerani ndi pepala m'manja, losainidwa."

Ndinaimbiranso Dale wa ku positi. Thumba la dzulo linali litapita ndi galimoto ya faifi koloko.

Ndinawapeza Mayi Tackett akutsuka miphika. Nditawafotokozera, anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kukhala pa thumba la mbatatesi.

"Ndiye kuti Mulungu sanafune," anatero. "Ndinkadziwa ine kuti si njira yathu."

"Musamunamizire Mulungu, mayi. Ndine ndinakuuzani kuti bola zichoke m'manja. Ndimaphunzitsa malamulo tsiku ndi tsiku, koma mawu amodzi okhawo sindinawalongosole. A Whitlock amataipa ndi kaboni, kuti kope lina lizitsala?"

"Amataipa ndi kaboni ngakhale mndandanda wa zokagula."

"Vulani epuloni."

Sindinachoke nthawi yomweyo. Ndinali ndi makalasi awiri, ndipo ana sumangowasiya. Ndinalemba ntchito pa bolodi, ndinapempha mphunzitsi wa masewera kuti awayang'anire, ndinachonderera ahedi amene ankafuna kumva nkhani yonse kuyambira pa ngozi. Pamene tinkatuluka pa geti inali itakwana thu koloko.

A Whitlock kunalibe. Akazi awo anati apita kukawedza, ndipo sanena konse kuti kumtsinje uti.

"Amati akanena, nsomba zimamva," anatero mayiwo. "Mapepala ake ali m'chipinda umo. Mukapezamo chikalata cha ukwati wathu mundiuze, ndachifuna zaka khumi."

M'chipindamo munali makatoni a nsapato mpaka kudenga, iliyonse yodzaza ndi mapepala opyapyala. Tinagawana khoma. Ine ndinkatsegula katoni, kuona, kutseka, kuika kumanzere, monga ndimachitira ndi mayeso. Mayi Tackett ankangovundula. Wotchi ya pakhoma inkamveka kwambiri. Kope la dandaulo lija linapezeka pansi pa makina otaipira omwewo, itangotsala pang'ono kukwana fili koloko: masamba atatu, zilembo zotuwa, malo a siginecha opanda kanthu.

Kwa a Tackett ndi mamailosi khumi ndi awiri, msewu wokhotakhota wa m'phiri wopanda popitirira. Titangokhota koyamba tinapeza lole yodzaza miyala ikukwawa patsogolo pathu, kumbuyo kwake kutalembedwa dzina la a Sizemore m'zilembo zofiira. Tinaitsatira mamailosi asanu. 

A Orval anali pa khonde, bulangete pa mawondo.

"Aa, aphunzitsi! Kodi mkazi wanga wathawa sukulu, mwabwera kudzanena?"

"Sainani apa, inu, nthabwala pambuyo," anatero Mayi Tackett.

"Si ndinasaina dzana? Kapena tikuwasumira kawiri, kamodzi mwendo uno, kamodzi winawu?"

Ndinawafotokozera mwachidule. Anatenga cholembera, koma chichitikire ngozi ankalemba movutikira, ndipo pepala la kaboni silichedwa kung'ambika. Ndinaika buku la nyimbo pansi pake. Iwo anayang'ana akazi awo.

"Verlene, ukufunadi? Ine ndakhala kale, sindidzukanso. Amene uzikumana ndi anthu kumsika ndiwe."

"Sainani."

Dzina lawo lili ndi zilembo khumi ndi ziwiri. Ndinaziwerenga chimodzichimodzi pamene zinkatuluka, monga ndimachitira ndi mwana amene akuphunzira kulemba, osamufulumizitsa.

Tinafika ku khoti itadutsa folo koloko ndi mphindi khumi. Mzere unayambira pa windo la kalaliki, kudutsa m'khonde, mpaka panja. Anali maloya ndi alembi awo, ena atanyamula makatoni athunthu a milandu. Makina odindira ankamveka mkati, kho! kho!, koma mzere sunkasuntha. Ndinawerenga mitu: anthu makumi awiri ndi atatu. Mlonda ankayenda akulengeza kuti bwana wanena kuti hafu pasiti folo mawindo atsekedwa, kaya munthu ali mkati kaya panja.

"Tiyeni tizipita," ananong'ona Mayi Tackett. "Onani mmene akutiyang'anira."

"Akuyang'ana wotchi, osati inu."

Mphindi zisanu zinatha, tasuntha masitepe awiri. Kenako windo lachiwiri, limene nthawi zonse limakhala lotseka, linatseguka, ndipo Jolene anatulutsa mutu.

"Amene ali ndi mlandu umodzi wokha, wopanda loya, abwere kuno!"

"Chayamba liti chimenecho?" anadandaula loya wina wonenepa, katoni ili pamimba.

"Chayamba pamene inu munabwera ndi milandu makumi asanu tsiku lomaliza, bwana. Munali kuti chilimwe chonse?"

Tinatuluka pa mzere anthu atatu: bambo wina wa ndodo, ndi ife. Bamboyo anatha msanga. Jolene analandira masamba athu, nawakweza ku kuwala kwa windo.

"Kaboni," anatero.

"Saloledwa?" ndinafunsa.

"Chofunika n'chakuti awerengeke, ndipo siginecha ikhale ya inki." Anayendetsa chala pa mzere uliwonse, tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Sanadumphe ngakhale liwu, ndipo sindikanamudzudzula, poti ndine ndinamuphunzitsa kutero. "Akuwerengeka. Ndalama yolembetsera?"

Cheke cha Mayi Tackett chinali mu envulopu ija, ku mzinda. Ndinalemba changa nditatsamira khoma.

Jolene anakokera mapepalawo ku makina, koma mapepalawo sanasunthe. Mayi Tackett anali atawapanikiza ndi chikhatho.

"A Sizemore adziwa liti?"

"Sabata yamawa. Wapolisi adzawapititsira masamoni owaitanira ku khoti kunyumba."

"Kunyumba. Akazi awo ali pomwepo."

"Inde, mayi."

Wotchi ya pamwamba pa windo inkati 4:24. Kumbuyo kwathu wina anatsokomola mwadala. Ndinali ndi mawu ambiri pakamwa, koma ndinali nditayankhula kale mokwanira pa nkhaniyi, ndipo mlandu sunali wanga. Ndinangoima pambali pawo. Ndinkaona mitsempha ya dzanja lija, ndi chipsera chakale cha mafuta otentha pa chala chachikulu. Muvi wa wotchi unasuntha. Unasunthanso.

Anachotsa dzanja.

Kho! Jolene anadinda, nathamangira ku makina ojambulira mapepala, n'kubwera ndi tsamba loyamba. Pakona panali tsiku, ndi nthawi: 4:26.

"Ndiye basi?" anafunsa Mayi Tackett. "Tapambana?"

"Ayi, mayi, mwangolowa kumene. Iwo ayankha, kenako maloya awo adzakuitanani kukakufunsani mafunso. Mwina chaka, mwina ziwiri. Ndipo pezani loya, tsopano ntchito yawachepera. Wotsatira!"

Panja Mayi Tackett anakhala pa sitepe yomaliza, poonekera tauni yonse. Ndinakhala nawo. Mkati tinamva mawindo akutsekedwa, ndi phokoso la amene anatsala pa mzere. Mayi wina amene anafika mochedwa anatidutsa akulira, envulopu yake ili m'manja.

Mayi Tackett anapinda tsamba lija kanayi, n'kulifunyululanso.

"Mafunso akewo," anatero, "adzafunsanso a Orval? Pamaso pa anthu? Za kubafa, za matewera, zonse zija?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Inu simukudziwa?"

"Sindikudziwa. Ndipo ulendo uno sindiyankha chimene sindikuchidziwa. Mawa m'mawa tikawadikirire a Whitlock pakhomo pawo asananyamule mbedza, tikawafunse chimodzichimodzi, ine ndizikalemba."

Anagwedeza mutu. Anagwira chitsulo cha masitepe ndi dzanja limodzi, linalo pamsana, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Mukandisiye kunyumba," anatero. "Ndikawauze ndekha a Orval za mafunsowo, asanamve kwa ena."