Thadzi Lotchona

Chimwalirireni amuna anga, nkhuku ndimasamala ndine. Dzulo ndikuzisinjira tsabola, fungo lake linandikumbutsa thadzi lathu lofiira, kwathu ku Namitambo.

Ndinali wamng'ono, abambo atapita kuntchito ku Halale. Ndinamva azimayi pamtondo akuti, "Amene aja anatchona, sabweranso." Ine ndinayesa kutchona ndi matenda a miyendo, olepheretsa munthu kuyenda.

Ndiye thadzi lija linadwala, linangoti khuma pansi, osadzuka. Amayi anatenga mpeni.

"Musaliphe amayi, langotchona!"

"Iwe, mawu amenewo wawamva kuti?"

Kenaka anabwezera mpeni patsindwi.

Ndinaligoneka m'lichero lakutha pafupi ndi moto. Ndinkalikanula mlomo n'kulidonthezera madzi a tsabola ndi phulusa, madeya onyowa ndikulidyetsa ndi chala. Linkanunkha, nthenga zili nyankhalala. Mumtima ndinkati likadzuka, mankhwala omwewo titumiza ku Halale kuti abambo abwere.

Linafa m'mawa wina. Yofa yokha sitinkadya, choncho ndiwo zinatayika. Amayi sanandikalipire.

Ndinadzamva nditakula kuti kumeneko abambo anali ndi banja lina, ndipo miyendo yawo inali yabwinobwino.