Tsitsi Lomwe Analuka Achipeso

Achemwali anga ankaluka tsitsi m'kachipinda ka galasi limodzi ndi mipando iwiri. Makasitomala anawapatsa dzina loti Achipeso, chifukwa chipeso sichinkachoka m'mutu mwawo. Ankakoka tsitsi mpaka munthu kulengeza misozi, koma yemweyo mawa lake n'kubwera ndi mnzake.

Khansa ya m'bere itawagwira, mankhwala a m'diripi anawathothola tsitsi lonse. Anadziseka okha: "Woluka wadazi munamuonapo kuti?" Anachira, tsitsi linamera, ife n'kuiwala. Kunena zoona, tinkaiwala dala.

Patapita zaka, anayamba kutopa asanamalize ngakhale mutu umodzi. Mikono inkachita madontho akuda asanadzigunde paliponse, nkhama n'kumatuluka magazi. Adokotala anati ndi khansa ya m'magazi. Anafotokoza kuti mankhwala amphamvu aja, komanso makina omwe anawotchera khansa ya m'bere ija, nthawi zina zimavulaza mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira, ngakhale kuti zimagwera anthu ochepa. Ine ndinapsa mtima. Achemwali anangoti, "Usawanyoze mankhwala, iwe. Pakanapanda amenewo, mwanayu ndikanamulera ine?"

Mwanayo, mtsikana wawo yekhayo, anali atangopeza ntchito kutali. Achemwali asanakagonekedwe m'chipatala, anamukhazika pansi pakati pa miyendo yawo kuti amuluke.

"Amayi, pumulani," iye anatero. "Andiluka amayi aang'ono."

"Amenewo? Mizere yawo imakhota ngati njira ya woledzera. Tawerama."

Analuka mopumira tsiku lonse, osakoka ngakhale pang'ono. Mphamvu zokokera zinali zitatha. Kuchipatala kuja sanabwereko.

Sabata yatha mtsikanayo anabwera kudzandiona m'kachipinda momwemo, poti ndimalukamo ine tsopano. Miyezi yapitapo ndithu, koma malukidwe aja akadali m'mutu. Tsitsi latsopano lamera pansi, mizere yayamba kusowa. Ndinatenga chipeso cha achemwali.

"Khala apa ndikumasule. Liduka tsitsi ili, komanso akuseka kuntchito."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Amayi aang'ono, mukamasula, adzandilukanso chonchi ndani?"

Ndinabweza chipeso pamalo pake. Ndinangomukhazika pansi n'kuyamba kumupaka mafuta m'mizere, pang'onopang'ono, chala changa chikutsata momwe munadutsa chala cha achemwali. Ndawasowa, ine, mpaka chipongwe chawo chomwe. Ngakhale mizereyo yayamba kusowa, palibe ndi umodzi womwe wokhota.